Kolera kunyanja ya Chilwa: diripi imafuna nthawi, madzi oyenera ndi maso a namwino

Mvula ikayamba kugwa m'dera la mfumu yaikulu Kuntumanji m'boma la Zomba, alimi a mpunga amathamangira kumadambo, ndipo asodzi amakondwa poona kuti nyanja ya Chilwa ikudzaza. Koma walira mvula walira matope. Madzi omwewo amasefukira m'mitsinje monga wa Domasi, amagwetsa zimbudzi, amalowa m'zitsime ndi kudula misewu yopita kuchipatala. Kwa ogwira ntchito zaumoyo, imeneyi ndi nyengo yowerenga mabotolo a madzi a diripi omwe atsala m'nkhokwe.

Munthu amene kolera yamugwira mwamphamvu m'mamawa akhoza kumwalira dzuwa lisanalowe, ndipo chomwe chimamupha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Akafika poti sangathenso kumwa, njira yomwe imatsala ndi kumulowetsa madzi kudzera m'mtsempha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati odwala kolera akalandira msanga chithandizo choyenera, omwalira safika mmodzi mwa 100 aliwonse. Pamliri womwe udayamba m'dziko muno mu 2022, omwalira adali pafupifupi atatu mwa 100 aliwonse.

Gawo lalikulu la kusiyana kumeneku lagona pa mafunso atatu. Kodi wodwala adafika kuchipatala nthawi yabwino? Kodi adapeza madzi oyenera ndi okwanira? Nanga padali munthu wodziwa ntchito womuyang'anira pamene madziwo amalowa? Mafunso amenewa ndi olemera kwambiri m'madera a m'mphepete mwa nyanja monga kwa Kuntumanji.

Nyanja yomwe kolera idaizolowera

Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo yazunguliridwa ndi madambo aakulu. Imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, komanso dziko la Mozambique chakummawa. Asodzi ambiri amakhala masabata angapo pakati pa nyanja m'tinyumba toyandama totchedwa zimbowera. Madzi akumwa amatunga m'nyanja momwemo, chimbudzi chawonso ndi nyanja yomweyo. Wina akadwala, ayenera kupalasidwa m'bwato kwa maola angapo kuti afike padoko monga la Kachulu, kenako apeze kabaza womufikitsa kuchipatala.

Pakati pa 2009 ndi 2010, anthu oposa 1,100 adadwala kolera m'maboma atatu ozungulira nyanjayi. Mu Disembala 2015 matendawa adabukanso pakati pa asodzi, ndipo mu 2016 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi mabungwe monga Médecins Sans Frontières, udapereka katemera wakumwa kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja, a pazilumba monga Chisi, ndi asodzi pafupifupi 6,000 a m'zimbowera. Pozindikira kuti asodziwo sangabwerere kumtunda patsiku lenileni, azaumoyo adawapatsa katemera wachiwiri m'manja kuti akamwe okha patatha masabata awiri.

Zomwe zidatheka ndi katemera sizingatheke ndi diripi. Botolo la madzi, kapaipi kake ndi singano sizingaperekedwe kwa msodzi kuti akadziike yekha m'chimbowera. Diripi imadikira kumtunda, ndipo wodwala ndiye ayenera kuifikira akadali moyo.

Zomwe zili m'botolo

Njira yolowetsa madzi m'mtsempha idayambira pa kolera yomweyi. Mu 1832, dokotala wina wa ku Leith m'dziko la Scotland, Thomas Latta, adalowetsa madzi amchere m'mitsempha ya odwala omwe adali atatayidwa kale mtima, ndipo ena adatsitsimuka. Ambiri adamwalirabe pambuyo pake, mwa zina chifukwa nthawi imeneyo anthu sadali kudziwa za majeremusi ndiponso muyeso weniweni wa mchere. M'zaka za m'ma 1880, Sydney Ringer wa ku London adapeza kasakanizidwe ka michere kogwirizana ndi thupi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 dokotala wa ana wa ku America, Alexis Hartmann, adakawongolera. Madzi amenewa ndiwo lero amatchedwa Ringer's lactate.

Wodwala kolera amataya madzi pamodzi ndi mchere, potaziyamu ndi zina zomwe zimaletsa asidi kuchuluka m'magazi. Ringer's lactate amabwezera zambiri mwa zimenezi, n'chifukwa chake ndiwo madzi oyamba kusankhidwa. Akasowa, madzi amchere wamba a normal saline akhoza kugwira ntchito. Madzi a shuga wokhawokha sayenera kugwiritsidwa ntchito pobwezera madzi otayika ndi kolera, chifukwa mulibe mchere ndipo sakhalitsa m'mitsempha. Kwa munthu wamba mabotolo onsewa amaoneka ofanana, koma kusinthanitsa limodzi ndi linzake kukhoza kutayitsa moyo.

Kuchuluka kwa madzi ofunika n'kodabwitsa. Malangizo a WHO amati munthu amene madzi amuthera kwambiri alandire mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa wamkulu ndi mwana wopitirira chaka chimodzi, madzi onsewo alowe m'maola atatu, ndipo gawo loyamba la mamililita 30 pa kilogalamu lilowe m'mphindi 30 zokha. Khanda losakwana chaka limalandira muyeso womwewo pang'onopang'ono, m'maola asanu ndi limodzi. Izi zikutanthauza kuti msodzi wolemera makilogalamu 60 amafunika malita 6 m'maola atatu oyamba, osawerengera omwe akupitiriza kutaya. Bwato limodzi likabweretsa odwala khumi otere, chipatala chaching'ono chimafunika malita 60 tsiku lisanapendeke.

Madzi omwewa ndi kanyula yomweyi, kachipangizo kapulasitiki komwe kamatsala m'mtsempha singano ikachotsedwa, zimafunikanso kwina. Mayi amene akutaya magazi atabereka amadalira diripi podikira magazi kapena ambulansi. Mwana wa malungo aakulu amalandira mankhwala a artesunate kudzera m'mtsempha. Wovulala pangozi, wopsa ndi moto ndi wodwala amene majeremusi amulowa m'magazi, onsewa amadalira shelefu imodzi. Kolera ikapululutsa shelefuyo, chipinda cha amayi oyembekezera chimakhudzidwanso.

Phunziro la 2022 ndi 2023

Mliri woopsa kwambiri wa kolera m'mbiri ya dziko lino udatsimikizidwa kumayambiriro kwa Malichi 2022 pachipatala cha boma la Machinga, lomwe lachita malire ndi Zomba. Matendawa adapitirira ngakhale m'chilimwe ndipo adafika m'maboma onse. Pa 5 Disembala 2022, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti kolera yafika pokhala ngozi yadzidzidzi paumoyo wa anthu, ndipo mu Febuluwale 2023 adakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Pofika kumapeto kwa mliriwu, anthu pafupifupi 59,000 adali atadwala ndipo oposa 1,700 adali atamwalira.

Mu Januwale 2023, matenda atafika pachimake, boma lidapempha thandizo kwa makampani, mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino. Pamndandanda wa zopemphedwa padali Ringer's lactate, timapaipi ta diripi, mabedi a odwala kolera, matenti ndi nyali zoyendera mphamvu ya dzuwa. Mndandanda umenewu ukulongosola bwino momwe zinthu zidalili m'misasa ya odwala, pakuti namwino amene akufufuza mtsempha wophwa usiku amafunika nyali monga momwe amafunikira singano.

Mankhwala ndi zipangizo zambiri zachipatala m'dziko muno zimagulidwa kunja, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Madzi a diripi ndi katundu wolemera, popeza lita imodzi imalemera kilogalamu yathunthu. Kuwanyamula kuchoka kunkhokwe za Central Medical Stores Trust kukafika kuzipatala za kumudzi kumafuna galimoto, mafuta ndi msewu wodutsika. Namondwe wa Freddy, yemwe adasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023, adaonetsa momwe dera lingadukire kwa ena onse m'usiku umodzi.

Madzi akachuluka amapha

Kusowa kwa madzi ndi theka chabe la nkhaniyi. Kafukufuku wochitika muno mu Africa adaonetsa kuti diripi yoperekedwa mothamanga kwa wodwala wosayenera imapha.

Mu 2011 zidatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa FEAST, yemwe adachitika m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania motsogozedwa ndi Kathryn Maitland. Ana oposa 3,100 omwe adali ndi kutentha thupi koopsa, magazi awo asakuyenda bwino, adagawidwa m'magulu. Ena adalandira madzi ambiri mothamanga, monga momwe mabuku a madokotala ankalangizira, ena adalandira pang'onopang'ono. M'maola 48, ana oposa 10 mwa 100 aliwonse a gulu lothamangitsiridwa madzi adamwalira, poyerekeza ndi 7 mwa 100 a gulu linalo. Kafukufukuyu adaimitsidwa nthawi yake isanakwane.

Zofananazo zidapezeka kwa akuluakulu pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2017 adakhudza odwala 209 omwe majeremusi adawalowa m'magazi. Mwa omwe adalandira madzi ambiri m'maola oyamba motsatira ndondomeko yapadera, 48 mwa 100 aliwonse adamwalira, pamene mwa omwe adathandizidwa monga mwanthawi zonse adamwalira 33.

Ana a matenda otsegula m'mimba sadali m'kafukufuku wa FEAST, choncho zotsatirazi sizikutsutsa lamulo lothamangitsa madzi kwa wodwala kolera amene madzi amutheradi. Zomwe zikuphunzitsa n'zakuti ana awiri akhoza kufika ali lefu mofanana, maso atalowa, manja atazizira, koma wina akufunika madzi othamanga pamene mnzake madzi othamangawo angamuphe. Kwa Kuntumanji, kumene malungo ndi kolera zimachuluka nyengo imodzi, kusiyanitsa ana awiriwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya wachipatala.

Ngakhale pa kolera yeniyeni, madzi akapyola muyeso amadzaza m'mapapo. Zikope zimatupa, wodwala amayamba kutsokomola ndi kupuma movutika. Omwe ali pachiopsezo chachikulu ndi makanda, okalamba, odwala mtima kapena impso, ndi ana onyentchera, omwe mtima wawo ndi wofooka kotero kuti amaikidwa diripi pokhapokha zinthu zikafika poipitsitsa. N'chifukwa chake malangizo amati wodwala aunikidwe mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kufikira mtsempha wapamkono utayamba kugunda mwamphamvu, ndipo ayambe kumwa akangotha kutero. Chipatala chomwe chili ndi namwino mmodzi usiku, amenenso akuyang'anira mayi wobereka, sichingakwanitse lamuloli odwala akachuluka. Kutumiza mabotolo popanda kutumiza anthu ndi kugwira ntchito mwatheka.

Khomo lolowera m'magazi

Khungu ndi mpanda woteteza thupi, ndipo kanyula imaboola mpandawo. Manja osasamba, khungu losapukutidwa ndi mankhwala, kapaipi kogwiritsidwanso ntchito kapena kanyula yoiwalika pamkono masiku ambiri, zonsezi zimatsegulira majeremusi njira yolunjika m'magazi. Singano yogwiritsidwa ntchito kwa anthu awiri ikhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Chiopsezochi chakula chifukwa majeremusi ena sakumvanso mankhwala. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome adaunika magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Iwo adapeza kuti majeremusi a mtundu wa Klebsiella osamva mankhwala amphamvu monga ceftriaxone adachuluka kuchoka pa pafupifupi 12 mwa 100 aliwonse kufika pa 90. Majeremusi otere akalowa kudzera pa kanyula yosasamalidwa, mankhwala omwe dokotala angadalire amakhala ochepa, ndipo wodwala amene adachira kolera akhoza kumwalira ndi matenda omwe adawatengera pabedi.

M'zipatala za m'dziko muno wodwala aliyense amakhala ndi mbale womudikirira, ndipo maso a mbale ameneyu ndi chuma chomwe chingagwiritsidwe ntchito bwino. Akauzidwa zoyenera kuyang'ana, akhoza kuitana namwino pamene mkono watupa, wafiira kapena ukupweteka, pamene madontho aima, botolo latsala pang'ono kutha, kapena wodwala wayamba kubanika ndi kunjenjemera. Chomwe sayenera kuchita ndi kukhudza kagudumu koyendetsera madontho, kaya pofuna kuti botolo lithe msanga, kaya pofuna kuti likhalitse.

Ena amaikonda, ena amaiopa

Pali maganizo awiri otsutsana okhudza diripi, ndipo onse ndi oopsa. Kwa anthu ena, makamaka m'matauni, diripi ndiye chithandizo chenicheni, ndipo wodwala amene wangopatsidwa madzi akumwa ndi mapiritsi amaona ngati wanyozedwa. Ena amaifuna akangomva kufooka, poganiza kuti imawonjezera mphamvu kapena magazi. Zoona zake n'zakuti m'madzi a diripi wamba mulibe magazi, ndipo lita yathunthu ya madzi a shuga a 5 peresenti ili ndi magalamu 50 okha a shuga. Munthu amene akutha kudya ndi kumwa amapindula kwambiri ndi mbale ya phala. Kulola munthu wosavomerezedwa ndi Medical Council of Malawi kapena Nurses and Midwives Council of Malawi kuika diripi kunyumba ndi kugula chiopsezo ndi ndalama zako zomwe.

Kumbali ina kuli mantha. Mu Febuluwale 2023, anthu okwiya adaphwanya chipatala cha Nandumbo m'boma la Balaka potsatira mphekesera zoti achipatala akufalitsa kolera kudzera m'majakisoni. Mphekesera zotere zimadzidyetsa zokha. Anthu akamaopa, amachedwa kupita ndi wodwala kuchipatala. Akafika naye atatheratu, amaikidwa diripi koma amamwalirabe, ndipo achibale amabwerera kumudzi akukhulupirira kuti singano ndiyo yamupha. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi makomiti a m'madoko ali ndi mawu omwe anthu amawamvera kuposa chikalata chochokera ku Lilongwe, ndipo ayenera kuonetsedwa zomwe zimachitika m'msasa wa odwala mliri usanafike.

Paketi yomwe imagula nthawi

Mu 1971, pankhondo yomenyera ufulu wa Bangladesh, kolera idabuka m'misasa ya othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India. Madzi a diripi adatha. Dokotala Dilip Mahalanabis adasakaniza mchere ndi shuga m'migolo ya madzi, n'kuuza achibale kuti azimwetsa odwala awo, ndipo mabotolo ochepa omwe adalipo adawasungira odwalitsitsa okha. Imfa zidatsika kuchoka pa pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse kufika pa osakwana anayi.

Madzi amenewa ndi omwe Amalawi amawadziwa ndi dzina loti Thanzi ORS. WHO imati odwala kolera ambiri amachira ndi madzi akumwawa okha. Paketi imodzi, yolemera magalamu pafupifupi 20, imapanga lita yathunthu ikasungunulidwa m'madzi owiritsa kapena othira klorini. Paketi ikasowa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi aukhondo zimathandiza paulendo wopita kuchipatala.

Apa ndi pomwe pali yankho la vuto la mtunda. Mapaketi 50 amakwana m'thumba la msodzi ndipo akhoza kusungidwa m'chimbowera monga momwe katemera adasungidwira mu 2016. Wodwala amene wayamba kumwa atangotsegula m'mimba koyamba, n'kumamwabe pang'onopang'ono m'bwato ndi pakabaza ngakhale akusanza, amafika kuchipatala mitsempha yake ikuonekabe, ndipo mwina sangafunenso diripi. Botolo lomwe iye sadagwiritse ntchito limatsalira mnzake amene wafika atakomoka. Pamliri wa 2022 ndi 2023, bungwe la Malawi Red Cross Society ndi mabungwe ena adakhazikitsa malo omwetsera ORS m'midzi. Malo otere ndi ofunika padoko lililonse la Chilwa chaka chilichonse, mliri usanalengezedwe.

Zoyenera kuchitika misewu isanaduke

Kumayambiriro kwa 2025 boma lidakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi kolera mpaka 2030, ndipo chimodzi mwa zolinga zake ndi kutsitsa imfa kuti zisafike mmodzi mwa odwala 100 aliwonse. Kuthetsa matendawa kotheratu kudzadalira madzi aukhondo, zimbudzi ndi katemera. Koma cholinga chochepetsa imfa chidzayesedwa m'zipatala zazing'ono za m'mphepete mwa nyanja, chifukwa wodwala kolera wa kwa Kuntumanji sangadikire ulendo wopita kuchipatala chachikulu cha Zomba.

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ofesi ya zaumoyo m'boma la Zomba ndi Central Medical Stores Trust ayenera kufikitsa Ringer's lactate, makanyula a misinkhu yonse kuphatikizapo ya makanda, timapaipi, sikelo ndi nyali kuzipatala za kunyanja mvula isanakhazikike. Anamwino ndi madokotala aang'ono akumbutsidwe chaka ndi chaka za miyeso ya madzi ndi kusiyana kwa mwana wa kolera, wa malungo ndi wonyentchera. Pakhalenso dongosolo lodziwika lotumizira antchito owonjezera odwala akangoyamba kuchuluka. Alangizi a zaumoyo ndi makomiti a m'madoko apatsidwe mapaketi a Thanzi ndi klorini okwanira kugawira bwato lililonse lopita kuzimbowera.

Makhansala ndi aphungu a m'derali ali ndi mafunso osavuta omwe angafunse pamsonkhano wa khonsolo: chipatala chilichonse chili ndi malita angati lero, angathandize odwala angati, ndipo usiku pamakhala anamwino angati? Mayankho a mafunso amenewa ndi ofunika kudziwika tsopano, pamene galimoto ikutha kufika kunyanja.